Ngalande Imene Alamu Anga a Zuze Anakwirira

Amene wandikakamiza kulemba zimenezi ndi Rozina, mwana wa malemu achemwali anga a Malita. Wabwera kunyumba kwanga kuno ku Nyachikadza sabata yathayi, sanamwe ndi madzi omwe, wangokhala pamphasa n'kuyamba. "Amayi aang'ono, chaka chakwana chimwalirireni abambo. Achimwene a ku Kabula abweretsa chiliza, mwala wakuda wonyezimira, ndipo ajambulitsapo namgumi. Akuti pamanda akanena kuti abambo anali ngwazi yoteteza zolengedwa za Mulungu. Ine ndine mwana, sindingaimirire n'kutsutsa bambo wondibereka. Koma inu munali alamu awo, munayamba kalekale kukangana nawo. Lembani."

Ndiye ndati chabwino, ndilemba. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, ndipo ndimalemba mmene ndimayankhuliramu. Wofuna Chichewa cha m'mabuku akafunse aphunzitsi. Koma a Zuze, amuna awo a achemwali anga, ndinawadziwa kuposa aliyense amene adzaime pamanda paja atavala suti.

Ndiyambe ndi namgumiyo, chifukwa ena mukhoza kukhala ngati ine, amene madzi aakulu ndimawaona Shire akadzaza basi. Akuti ndi chinyama cha m'nyanja yamchere, chachitali kuposa tchalitchi chathu, chooneka ngati nsomba koma chimayamwitsa mwana ngati ng'ombe. Kuno palibe anachionapo. Ngakhale amayi amene ankapita ku Beira kukaoda zitenje ankangobwera ndi nkhani za apolisi a panjira ndi miyendo yotupa. Amene anachiona ndi a Zuze okha, ndipo sanatilole kuiwala zimenezo ngakhale tsiku limodzi.

Ali mnyamata anapita ku Joni monga anzawo, koma iwo anapitirira mpaka ku Debeni, kunyanja, kumene analembedwa ntchito pamalo ophera anamgumi. Sitima zinkapita kukawalasa, n'kuwakoka mpaka kumtunda, ndipo ntchito ya a Zuze inali yosenda mafuta ndi chimpeni chachitali ngati nkhafi. Atabwerako anzawo anali ndi njinga, ena malata. Iwo anabwera ndi chipewa, chifuwa chosatha, ndi dzino la namgumi lalikulu ngati nthochi, limene ankalimangirira m'khosi ndi chingwe cha nsapato. Ankati manja awo anafa ndi madzi ozizira a kumeneko, moti khasu sangaligwire. Koma inu! Manja omwewo kapu ya kachasu wa masau ankainyamula osataya ndi dontho lomwe.

Ndiye shati yoyera. Abale, shati yoyera ku Nyachikadza, kumene ndi abusa omwe amafika kutchalitchi matope ali m'maondo! Achemwali ankaichapa, kuiyanika pabango, kuisita ndi simbi ya makala, ndipo a Zuze ankayenda nayo akuzungulira zithaphwi ngati nkhuku yoopa kunyowa. Malo awo anali pansi pa msau wa padoko, pamene amafikira mabwato. Mpando wotsamira, wailesi pamwendo, kuyambira dzuwa likutuluka mpaka mthunzi utatembenuka. Mthunzi ukasuntha ankaitana munthu wodutsa kuti awasunthire mpando. Manja aja.

Koma ndisanapitirize kuwanyoza, chimodzi ndiwapatse, chifukwa ndine wopemphera. Tsiku lina, Rozina ali wakhanda akuyamwa, tinakhala pakhonde tonse, ndipo a Zuze anayang'anitsitsa mwanayo n'kuyamba kuyankhula motsitsa, osati mawu awo apamsika aja. Anati tsiku lina ku Debeni anakoka namgumi wamkazi. Iwo atangolowetsa chimpeni pafupi ndi mimba, kunatuluka mkaka. Wolimba ngati phala, woyera mbee, unayenda pasimenti mpaka kulowa m'majombo mwawo. Anthu a m'sitima anawauza kuti mwana wake anatsala m'nyanja, ndipo anatsatira sitimayo mtunda wautali. Kuyambira pamenepo mkaka sanaulawenso, tiyi ankamwa wakuda mpaka imfa. Pamenepo sankanama. Ine ndinkawadziwa: akamanama dzanja linkapita lokha kukagwira dzino lija m'khosi. Tsiku limenelo manja onse anali pamaondo.

Ndiye musandimve molakwa. Zopha chinyama choyamwitsa kuti mukagulitse mafuta ake, ayi, zimenezo ndi zonyansa, ndipo lamulo la maiko loletsa kupha anamgumi likhale mpaka kalekale. Nkhani ya a Zuze inali yabwino. Munthu wake ndiye ayi.

Nthawi ya chipani chimodzi anali chete ngati ena tonse, dzino analibisa m'kati mwa shati. Atabwera matipate aliyense anatsegula pakamwa. Ena anayamba kuthamangira nsalu za zipani, ine ndinalandira za mitundu yonse, zina ndimafundabe, zimathandiza udzudzu. A Zuze anamva pawailesi kuti maiko ena akufuna kuti lamulo loletsa kupha anamgumi pa malonda lichotsedwe. Analumpha pampando, chinthu chimene ndinali ndisanaonepo. Anapita kwa wokhoma zidebe kukakhometsa fanulo yamalata yaitali ngati mkono, yoyankhuliramo kuti mawu azimveka patali. Kenaka anapita kwa munthu wolemba maina pamabwato kuti awajambulire namgumi pathabwa. Munthuyo namgumi akanamuona kuti? Anajambula mlamba wotupa mimba, ndi ndevu zomwe. A Zuze anakalipa kuti namgumi alibe ndevu, koma penti inali itatha, basi chikwangwani chinayenda choncho zaka zonse.

Ankayenda nacho m'misika, ku Ndamera, mpaka ku boma ku Nsanje. Uthenga wawo ndikhoza kuunena ndili m'tulo. Ankati nyanja ilibe mpanda, choncho ndi ya aliyense, ngakhale ife amene sitinaione. Ankati ukapha mayi wapha awiri. Ankati iwo manja awo ali ndi magazi, ndiye akudziwa chimene akunena, ndipo anthu tisalole kuti akuluakulu akakhala pamisonkhano ya maiko avomere zotsegulanso malondawo. Anthu ankasonkhana ndithu, nanga si kunalibe kanema.

"A Zuze!" wina ankakuwa. "Namgumi wanuyo akakwera Shire mutiuze msanga, timuotchere mbatata!"

"Iwe seka," ankayankha m'fanulo. "Wadya nsomba zouma mpaka nzeru zinauma."

Mayi wina wogulitsa nsomba za makakana ankawauza sabata iliyonse, "Shamwali, sunthani pang'ono, chitini chanucho chikundithamangitsira ogula."

"Nkhabe! Sindisuntha. Msika ndi wa boma."

Khama anali nalo, dzuwa la kuno mumalidziwa, limaotcha ndi mumthunzi momwe. Koma funsani kuti nthawi yonseyo ankalima ndani. Funsani kuti chimene ankadya akabwerako, mawu atasasa, chinkachokera kuti.

Kenaka wina anawauza kuti mvuu ndi namgumi ndi pachibale, kaya anamva pawailesi pomwepo, kaya kwa aphunzitsi. Aa, ndiye zinawakomera. Mvuu zinasanduka asuweni a namgumi, ndipo iwo mkhalapakati wa banja lonse. Masiku amenewo ena ankayesa matipate ndiye kuti chilichonse choyenda ukhoza kupha, ndipo nyama ya mvuu inkagulitsidwa poyera. A Zuze ankaima pafupi ndi ogulitsawo n'kumawatchula maina m'fanulo. Ena anachita manyazi n'kusiya, zimenezo sindikana. Koma mvuu si namgumi wa kutali. Mvuu ili pompano, ndipo imadya chimanga.

Tsopano ndifike pamene pamandiwawa. Inu a kumtunda mwina simudziwa. Kuno mvula imatinamiza, ikapanda kusowa ndiye madzi amabwera n'kukokolola zonse. Chimene timadalira ndi dimba. Madzi akaphwa amasiya matope akuda, ndiye timabzala chimanga, mbatata, nyemba, maungu. Dimba likalephera, chaka chonse chalephera, palibenso kwina kothawira. Dimba la achemwali linali lakumapeto, loyandikana ndi thamanda limene mumakhala mvuu.

Mvuu ili ndi msewu wake. Ikatuluka m'madzi kukadya imadutsa pomwepo pomwepo, sisintha. Ndiye amayi athu anatiphunzitsa kukumba ngalande yodula msewuwo, yofika m'chiuno kuzama kwake, makoma ake oimirira, yosati n'kuidumpha. Mvuu miyendo ndi yaifupi, chimimba n'cholemera. Imafika, kununkhiza, kufwenthera, n'kubwerera kukadya udzu kwina. Imeneyi si mbuna ayi. Mbuna ndi dzenje lophera nyama, amalivundikira ndi udzu ndipo pansi amazika zisonga. Ngalande ili poyera, sipha kanthu. Mwana aliyense wa kuno amasiyanitsa.

Achemwali anaikumba ngalandeyo okha, kuchokera kugombe mpaka kuchulu. Ine ndinkawathandiza masiku ena ndikamaliza kwanga. Dothi la pamenepo ndi makande, ukaponya khasu limagwira ngati likufuna kukulanda. Manja awo anatuluka matuza, matuza anaphulika, anamanga nsanza n'kupitiriza. Itatha, a Zuze anabwera kamodzi kudzaona, atakwinya thalauzi, anati, "Pyadidi, amake Rozina, zabwino ndithu," n'kubwerera kumsau.

Chaka chimenecho chimanga chinachita bwino zedi. Phesi lililonse linabereka, ndevu zitayamba kuda, mbatata zitayanga mpaka osaona dothi. Achemwali ankati chaka chino tipuma.

Ndiye kunabwera uthenga woti anthu a bungwe lina la m'tauni, ndi azungu omwe, amva za mkulu amene kale ankasenda anamgumi koma analapa, ndipo akubwera ndi kamera. Zithunzi zake zikapita kunja, kumsonkhano wa maiko. A Zuze sankapondanso pansi. Ankayeserera mawu kuseri kwa nyumba, nkhuku zili balala. Kenaka nzeru inawabwerera, nzeru ya a Zuze. Anati alendowo adzafuna kuona mvuu, njira yopita kuthamanda imadutsa padimba, ndiye akaona dzenje lija adzati mkazi wa woteteza zolengedwa amakumba mbuna.

Litatsala tsiku limodzi kuti alendo afike, achemwali anaoloka kupita kumaliro kutsidya, okagona komweko. Ine ndinali m'dimba mwanga chakumadzulo, dzuwa litapepa. Ndinamva phokoso la amuna ndi makasu. Nditasuzumira pabango, ndinaona shati yoyera itapachikidwa bwinobwino patsekera, ndipo mwini wake ali mimba pamtunda, khasu lili m'manja, akukokera dothi m'ngalande pamodzi ndi anzawo a kachasu. Zaka zonse zimene ndinawadziwa, tsiku limenelo lokha ndi limene ndinawaona atagwira khasu.

"Alamu!" ndinakuwa. "Manja aja achira?"

"Mlamu, pita ukaone mbatata zako. Izi ndi nkhani za maiko."

"Maiko ati? Iyi ndi ngalande ya achemwali. Munaikumba ndinu?"

"Azungu sasiyanitsa ngalande ndi mbuna. Akajambula dzenje ili, dzina langa lathera pompano."

"Muwauze ndi pakamwa kuti si mbuna. Fanulo muli nayo."

"Chithunzi sichiyankhula, mlamu. Iwe sukulu unathawa."

"Nanga chimanga?"

"Tsiku limodzi lokha. Ndigona ine pompano, ndiziimba chitini choopsezera. Mvuu zimandidziwa."

Mmodzi wa anzawo anaseka mpaka kutsamira khasu. "Nanga si asuweni awo."

Ndinalumpha n'kugwira mpini. Anaukoka kamodzi, ine ndili chagada m'matope. Pamenepo ndinadziwa kuti manja a ku Debeni aja anali ndi mphamvu kuposa a mnyamata. Ndinathamangira kudoko kukatuma uthenga kutsidya, koma mphepo inali itayamba, wopalasa anati aoloka mawa. Iwo anakwirira yonse, anapondereza ndi mapazi, n'kuyala udzu pamwamba kuti pasaoneke. Kukwirira sikuchedwa. Ntchito imene inatupitsa manja a achemwali mwezi wathunthu, iwo anaimaliza dzuwa lisanalowe.

Mukuganiza kuti anagona kudimba? Shati ija inali itagwira kadontho ka matope. Anapita kunyumba kukauza Rozina kuti aichape ndi kuiumitsa pamoto, n'kumuuza kuti kudimba kuli mlonda. Iwo anati mame amaononga mawu, ndipo mawa ayankhula ndi maiko. Mlondayo anali mnzawo woseka uja, amene anatenga chitini choopsezera mvuu chija n'kupita nacho kwa mayi wotcheza kachasu. Kudimba sanafike n'komwe.

M'mawa alendo anafika pa boti ya injini. Zimene zinachitika padoko ndinauzidwa ndi amayi amene analipo, ndipo onse amanena zofanana. A Zuze anayankhula m'fanulo ngakhale alendowo anali pafupi moti akanatha kugwirana chanza. Anaonetsa dzino. Anaimika mlamba wa ndevu uja pambali pawo, anajambulidwa atavala chipewa, anajambulidwanso atavula. Kenaka anati, tiyeni mukaone asuweni a namgumi. Mzungu wamkazi anayang'ana matope a njira ija, anayang'ana nsapato zake, ananong'oneza womasulira. Womasulira anati nthawi yatha, boti ikufunika kwina. Anawapatsa tisheti, anaomba m'manja, injini inalira, basi. Kudimba sanalozeko ndi phazi lomwe. Ngalande imene a Zuze ankaopa kuti ijambulidwa, ikanakhalapo, palibe mlendo akanaiona.

Nthawi imeneyo ine ndi achemwali tinali kudimba. Uthenga unawapeza m'mawa, anaoloka n'kutsikira kumunsi, osadzera padoko. Abale, ndaona madzi akukokolola nyumba, koma ichi chinali china. Dimba linali ngati bwalo la mpira. Mapesi ali bwandabwanda, mbatata zaponderezedwa m'matope, ndowe ponseponse. Mapazi a mvuu anadutsa pamwamba pa ngalande yokwiriridwa ija ngati pamlatho. Achemwali sanalire. Anayenda mpaka pakati, anatola chimanga chimodzi chotafunidwa theka, n'kuyamba ulendo wa kumsau. Ine pambuyo.

Tinawapeza atavala tisheti pamwamba pa shati, akufotokozera anthu zimene mzungu ananena. Achemwali anagwada monga mwa ulemu wawo, n'kuika chimanga chija pamwendo pawo.

"Abambo a Rozina, asuweni anu akhuta."

A Zuze anachiyang'ana, dzanja linapita kudzino. "Ndinagona komweko, amake Rozina. Zinangondipitirira, zinali zambiri."

"Shati yanu ndi yoyeratu," anatero achemwali.

Ndiye a Zuze, poona kuti anthu akumvetsera, anakweza mawu n'kunena kuti chimanga chimamera chaka chilichonse, koma namgumi akatha watha. Kunena zimenezo kwa mayi amene nsanza zinali zikadali m'manja! Ine ndinawauza mawu amene sindingalembe pano, Rozina adzawerenga.

Achemwali anabzalanso, koma chinyezi chinali chitapita. Zinamera n'kupserera zili m'maondo. Ine ndinagawana nawo zanga, koma dimba langa ndi kachigamba, ndipo ndinali ndi pakamwa panganso podyetsa. Pofika nthawi ya mvula, nyumba ya a Zuze inalibe kanthu. Ndiye achemwali anayamba kupita ku nyika. Nyika ndi mizu ya maluwa a m'madzi aja, yakuda, yowawira, timadya njala ikafika pakhosi. Umalowa m'thamanda madzi kufika pachifuwa, kumafufuza ndi zala za kumapazi, ukaipeza n'kumira kukaizula. Aliyense amadziwa chimene chimakhala m'madzi amenewo. Palibe amapitako chifukwa chofuna.

Linali dzuwa lili pamutu, amayi ali ambiri m'madzi. Achemwali anamira kukazula, ndipo ng'ona inawagwira mkono wamanja. Amayi anzawo ndi amene anawapulumutsa, ena kuwakoka m'chiuno, ena kuimenya ndi nkhafi m'maso mpaka inasiya. Tinawanyamula pabwato, kenaka panjinga, mpaka kuchipatala. Mkono sanaudule, koma unapola utapindika, zala zitafumbata. Sanathenso kugwira mpini ndi manja awiri. M'nyumba imodzi munakhala anthu awiri osagwira khasu, mmodzi chifukwa cha ng'ona, winayo chifukwa cha ulesi.

A Zuze kuchipatala anafika, inde, atavala tisheti ija. Anakhala pang'ono pambali pa bedi, kenaka ndinawapeza panja akuonetsa anamwino dzino. Amuna a m'mudzi atanena zokasaka ng'onayo, anatulutsa fanulo n'kunena kuti nayonso ndi cholengedwa. Kaya mwina n'zoona, ng'ona sinaitane munthu m'madzi. Koma mawu amenewo akanayankhula wina aliyense, osati amene anawalowetsamo.

Madzi ataphwanso chaka chotsatira, ngalande tinaikumbanso ine ndi Rozina. Achemwali ankakhala pachulu akutilozera ndi dzanja lamanzere, "Apo pakhoma pagona, imikani. Zamitsani, mvuu si mbuzi." A Zuze sanabwere ngakhale kudzati pyadidi. Pepani sanamutchule. Ndikawafunsa, ankangoti zithunzi zija zinafika kunja, ndipo lamulo loletsa lija lilipobe, mukuona? Ngati kuti maiko onse anakhala pansi n'kuchita mantha ndi mlamba wa ndevu wa ku Nyachikadza.

Achemwali anatsogola iwo, papita zaka ndithu. Pamaliro awo a Zuze anapempha kuyankhula. Ndinadziwiratu kuti zivuta nditaona shati. Anati malemuwa anali mnzawo pankhondo yoteteza zolengedwa, mayi wamtima wabwino amene anapereka ndi dimba lake lomwe kwa mvuu. Ine ndinali pansi ndi amayi, chitenje kumutu. Ndinangomva pakamwa panga patseguka. "Anapereka, kapena munapereka ndinu?" Akulu a mpingo anayambitsa nyimbo msangamsanga. Mayi wina anandisina pantchafu mpaka panada. Koma amene anamva anamva.

Zaka zomaliza mawu anawathera, chifuwa chija chinakula. Fanulo inachita dzimbiri. Ankakhalabe pamsau, wailesi pakhutu, akudikira kumva ngati anamgumi atchulidwa. Amene ankawadyetsa ndi Rozina, kuchokera m'dimba lomwelo. Rozina akuti atatsala pang'ono kumwalira anamugwira dzanja n'kufunsa ngati ngalande ili yozama bwino chaka chino. Iye amati ameneyo ndiye anali pepani wawo, ndipo amalira akamanena. Ndi mwana, asiyeni alire. Ine ndimati funso si khasu. Anali ndi zaka zambirimbiri zoti akanatsika kudimba n'kukachotsa ngakhale dothi lodzaza dzanja limodzi.

Dzulo ndinadutsa padoko. Msau ulipo, masau akugwa okha, mbuzi zikutola popanda wozithamangitsa. Pamene pankakhala mpando pakadali timaenje ta miyendo yake, dothi linalimba pamenepo, udzu sunamerebe. Opalasa amafika n'kumangirira mabwato mwakachetechete, palibenso wowaitana kuti asunthe mpando mthunzi ukatembenuka. Ndisaname, pamamveka zachilendo, ngati m'nyumba mukachotsa wotchi yaphokoso. Chikwangwani chija Rozina anachisandutsa chitseko cha khola la nkhuku, mlamba wa ndevu amayang'ana m'kati. Fanulo anaikwecha ndi mchenga, amathirira chimanga m'matumba akakolola. Ndi ntchito yoyamba imene chitini chimenecho chagwira yokhudza chakudya cha m'nyumbamo. Kudimba ngalande ilipo. M'mawa mumapeza mapazi a mvuu afika m'mphepete, aima, abwerera. Mvuu zili moyo, chimanga chili moyo, ndipo anazisunga zonse ziwiri ndi mayi amene sanayankhulepo m'fanulo.

Manda a achemwali ali kumanzere kwa a amuna awo. Mtanda wake unali wamtengo, chiswe chinadya, ndipo madzi a chaka china anafafaniza mtumbira, pangokhala see ngati pabwalo. Ndiye amene mwawerenga izi, musazisunge m'thumba. Patsani mnzanu, nayenso apatse wina, makamaka amene adzapite kukaona chiliza chikuvundukulidwa. Mukadzaona namgumi pamwala wakuda uja musadzamude, iye sanalakwe kanthu, ndipo asiyidwe ndithu m'nyanja mwakemo ndi ana ake. Koma poimirira kuti muombe m'manja, mudzayang'ane pansi kaye. Pamene mwapondapo mwina ndi pa Malita.